Usiku wa wosewera mpira: kukhalabe ku Harare kapena kusaina ku Bulawayo, Mutare, Zvishavane ndi Kariba

Ligi ya mpira ya ku Zimbabwe ikatha mu Novembala, m'makomo ena a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mabvuku mumabuka mkangano womwewomwewo chaka ndi chaka. Mnyamata wa pakhomo akufunidwa ndi timu ya kunja kwa Harare, kontirakiti yafika, koma iye akungozengereza. Akuluakulu amayesa vuto ndi ndalama. Mukam'tengera pambali ndi pamene amaulula: "Malume, kumeneko usiku ndizikatani?"

Funsoli si lachibwana, ndipo masiku ano likufika m'makomo ambiri kuposa kale. St Paul's ya ku Musami itatenga ligi mu 1966, panadutsa zaka zoposa 50 chikho chikungozungulira pakati pa Harare ndi Bulawayo. Kenako FC Platinum ya ku Zvishavane inachitenga mu 2017 n'kuchisunga kanayi kotsatizana, Ngezi Platinum Stars inachitenga mu 2023, Simba Bhora ya ku Shamva mu 2024. Ndalama za migodi zakokera mpira kumatauni aang'ono, ndipo mnyamata amene akufuna malipiro odalirika ayenera kuganizira malo amene agogo ake ankawadziwa ngati kokakumba miyala basi.

Zoyang'ana musanasaine

Yambani ndi kuwerenga mausiku amene muli nawo. Masewero ambiri a ligi amayamba 3 koloko masana, Loweruka kapena Lamlungu, ndipo nthawi zina pamakhalanso a pakati pa sabata. Usiku woti mawa kuli gemu matimu ambiri amagona ku kampu. Masiku enawo kuli tireni. Mukachotsa zonsezi, wosewera amene akufuna kukhalitsa mu mpira amatsala ndi usiku umodzi pa sabata, akachuluka awiri: wa tsiku la gemu, ndi wotsatira ngati kochi wapereka tsiku lopuma. Usiku wa gemuwo ndi umenenso thupi limafuna madzi, chakudya ndi tulo kuposa wina uliwonse, chifukwa minofu imatenga masiku awiri kapena atatu kuti ibwerere mwakale, ndipo mowa umachedwetsa ntchito imeneyi.

Ndiye kuchuluka kwa mabala mumzinda si muyeso wothandiza. Kwa munthu wa usiku umodzi, mzinda wa makalabu 50 ndi wa makalabu atatu sizisiyana kwambiri. Zimene zimasiyana ndi mausiku asanu otsalawo, amene muyenera kukhala pakhomo osaboweka mpaka kuyamba zopusa.

M'munsimu malo aliwonse ndawayeza pa zinthu zinayi. Mtengo: osati wa botolo limodzi, koma wa usiku wonse, kuphatikizapo ulendo wobwerera ndi anthu amene muwagulire. Zopezeka: kovina ndi komwera, komanso kopita munthu wosamwa, ndiponso ngati kuli anthu a kwathu, tchalitchi kapena mzikiti. Kusamala thupi: tulo, chakudya, madzi, mtunda wopita ku tireni. Zoopsa: msewu, mankhwala, ndewu, ndi mafoni a anthu.

Harare

Mtengo. Mukangoyang'ana pamwamba, kwa mwana wa mu Harare palibe kotchipa kuposa kuno. Mumagona kwa makolo, lendi palibe, nsima ndi ya amayi. Ndalama zimathera pa zinthu ziwiri zimene sizilembedwa mu kontirakiti. Choyamba ndi mayendedwe. Makombi akatha usiku mumatsala ndi mushikashika (timagalimoto tonyamula anthu mozemba) kapena galimoto ya pa inDrive, ndipo kuchoka ku Borrowdale kupita ku Dzivarasekwa n'kudutsa mzinda wonse. Chachiwiri, chimene chili chachikulu, ndi anthu. Pitani ku Mereki ku Warren Park Lamlungu madzulo mukaone. Magalimoto aima mabuti ali chitsegulire, iliyonse ikuliza nyimbo zake, utsi wa kanyenya uli tolo. Wosewera wagula nyama ya anthu atatu pa butchala, wapereka kwa mayi wowotcha. Nyama isanapse, wina wam'zindikira. Pofika nthawi yoti mbale ibwere, manja otsukidwa ali 11, ndipo ambiri ndi anthu amene ankasewera nawo mpira wachikulunga ali ana, oti sangawauze kuti alibe. Bonasi ya gemu imathera pomwepo. Pakhomonso sukulu fizi ya mphwanu, mankhwala a agogo ndi chopepesera maliro a kwa azakhali zonse zimadziwa tsiku limene timu yalipira.

Zopezeka. Apa Harare ilibe mnzake, ndipo kunena zina kungakhale kunama. Pali malo odula a ku Sam Levy's Village ndi Avondale, mabala a ku Avenues, kanyenya wa ku Zindoga ndi Jongwe Corner, Machipisa ku Highfield, oimba akuluakulu ku HICC, City Sports Centre ndi Glamis Arena, Zimdancehall ya ku Mbare, sungura ya ku Chitungwiza. Wosamwa nayenso ali ndi kopita: kwaya ya CCAP, mzikiti, gule akatuluka kumapeto kwa sabata, kapena kungokacheza kwa achimwene. Kunonso ndi kumene kuli atolankhani ndi ofunafuna osewera. Joseph Kamwendo anachoka ku Malawi kudzasewera CAPS United ndipo mu 2005 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dziko muno. Mzindawu pawokha suwononga munthu.

Kusamala thupi. Madokotala a mafupa, malo olimbitsira thupi ndi zipatala zabwino zili pafupi, ngati muli nazo ndalama. Koma tulo n'tovuta. Nyumba za m'malokeshoni n'zodzaza, wailesi ya neba siyang'ana kuti mawa muli ndi gemu, ndipo amene alibe galimoto amayamba tsiku ndi kulimbirana kombi asanakafike ku tireni.

Zoopsa. Mankhwala ozunguza bongo a mutoriro ndi bronco, komanso timowa taukali ta tumbwa, zimagulitsidwa m'misewu yomwe munakuliramo, ndi anthu okudziwani dzina la paubwana. Mutoriro ndi chamba zilinso pa mndandanda wa zoletsedwa m'masewero, moti kuwonjezera pa kuwononga mutu zikhoza kukuimitsani mpira akakuyezani. Kwa amene wasaina Dynamos kapena CAPS United palinso masapota. Timu ikagonja pa Rufaro masana, chithunzi chanu muli ndi botolo m'manja usiku womwewo chimakhala chazungulira pa WhatsApp musanafike n'kunyumba komwe.

Bulawayo

Mtengo. Lendi ndi yotsikirapo poyerekeza ndi Harare, ndipo mzindawu ndi wosavuta kuyendamo: misewu yotakata, magalimoto ochepa, malo ambiri osangalalira ali m'tauni kapena pafupi. Chodula ndi kubwera kwanu kuno. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 440, woti simungauyende sabata iliyonse.

Zopezeka. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 666,000, ndiye si tauni yaing'ono ayi. Makalabu alipo, malo owotchera nyama alipo, ophunzira a ku yunivesite ya NUST amadzaza malo kumapeto kwa sabata, ndipo nyimbo zimapendekera ku South Africa: amapiano, house, kwaito. Sabata ya chionetsero cha zamalonda cha ZITF mu Epulo mzinda wonse sugona. Kwa wosewera wa usiku umodzi, Bulawayo ndi yokwana ndithu. Anthu ochokera ku Malawi ndi Zambia anakhazikika kumeneko kalekale chifukwa cha njanji ndi mafakitale. Benjani Mwaruwari, amene anakafika mpaka ku Portsmouth ndi Manchester City, anabadwira komweko kwa makolo a mtundu wa ku Malawi.

Kusamala thupi. Ulendo wa ku tireni ndi waufupi, usiku ndi wabata. Vuto ndi madzi. Khonsolo imatseka mipopi masiku angapo pa sabata madamu akaphwa, choncho musanalowe nyumba funsani ngati pali thanki kapena mjigo.

Zoopsa. Highlanders, imene inayamba mu 1926, kwa anthu a kumeneko si timu wamba. Mukavala yunifolomu yakuda ndi yoyera, mzinda wonse ndi kochi wanu, kuyambira wometa tsitsi mpaka kondakitala wa kombi. Mnyamata wochokera ku Harare amayang'anitsitsidwa koposa, makamaka sabata ya gemu ya Dynamos pa Barbourfields. Ku Chicken Inn, imene inatenga ligi mu 2015, maso ndi ochepa. Phunzirani Chindebele msanga, ngakhale cha moni ndi chogulira zinthu. M'bala mawu osamvetsetsana ndi amene amayambitsa zibakera.

Mutare, ndi pang'ono za Gweru

Mtengo. Nyumba n'zotsika mtengo, ndipo makilomita pafupifupi 260 opita ku Harare ndi oti mukhoza kunyamuka gemu ikatha pa Sakubva n'kukagona kwanu. Apa ndi pamene pali msampha. Ambiri amene amasaina ku Mutare sasamuka kwenikweni: thupi lili uko, moyo uli ku Harare, ndipo ndalama imene akanasunga imathera pa basi ndi mafuta.

Zopezeka. Anthu ndi pafupifupi 225,000. Pali mabala ndi makalabu angapo m'tauni, ena ku Dangamvura, Chikanga ndi Sakubva, ndipo oimba a ku Harare amabwera pafupipafupi. Mukatha miyezi iwiri mudzakhala mutawadziwa malo onse ndi nkhope zonse. Chimene Mutare ili nacho choposa ena ndi masana a tsiku lopuma: mapiri a Vumba ali pakhomo, Nyanga si kutali. Wa Chichewa sasowanso womva naye, poti Chisena ndi Chinyungwe cha anthu a ku Mozambique sichitalikirana kwambiri ndi chathu.

Kusamala thupi. Nyengo ndi yabwino, zipatso ndi ndiwo zamasamba n'zosasowa, phokoso ndi lochepa. Pa mizinda yonse ili pano, uwu ndi umene ndingautchule woyamba kwa munthu wofuna tulo tokwanira popanda kudzimva kuti watayidwa kutchire.

Zoopsa. Chipata cha Forbes chili pafupi, ndipo mowa waukali wotchipa wolowa mozemba kuchokera ku Mozambique susowa. Kulinso ndalama zotentha za golide wa ku Penhalonga ndi dayamondi wa ku Marange. Amene amazigwira amawononga usiku umodzi zimene inu mumalandira pa mwezi, ndipo kupikisana nawo pa tebulo n'kudzipha. Christmas Pass, chitunda cholowera mu Mutare, usiku mutatopa ndi gemu, si msewu woyendetsapo galimoto mutalawa.

Gweru, kwawo kwa TelOne, ndi yocheperapo ndipo usiku wake umadalira ophunzira a ku Midlands State University. Sukulu ikatsegula ku Senga kumakhala moyo, ikatseka kumangoti zii. Mtengo ndi wofanana ndi wa Mutare, ndipo ubwino wake ndi kukhala pakati, pamsewu waukulu wa Harare ndi Bulawayo. M'nyengo yozizira kumazizira zedi.

Matauni a migodi: Zvishavane, Ngezi, Shamva

Mtengo. Apa ndi pamene wosewera angasunge ndalama. Matimu odalira migodi, monga FC Platinum imene ili pansi pa mthunzi wa Mimosa ndi Ngezi Platinum Stars ya ku dera la Zimplats, amadziwika ndi kulipira mosavutitsa poyerekeza ndi matimu ambiri a m'tauni, ndipo kawirikawiri nkhani ya nyumba imakhala mbali ya zokambirana. Onetsetsani kuti yalembedwa: nyumba yanji, mukhala angati, magetsi ndi madzi alipira ndani. Ngati chilipo chosamveka, a Footballers Union of Zimbabwe alipo kuti akuwerengereni musanaike siginecha. Dziwaninso kuti m'tauni ya mgodi zinthu za m'sitolo ndi lendi ya panokha sizitchipa, chifukwa amalonda amaika mitengo poyang'ana malipiro a ogwira mumgodi.

Zopezeka. Malo atatuwa si ofanana. Zvishavane ndi tauni yeniyeni: ili ndi mahotela, mabala, nthambi ya Midlands State University, ndipo mwezi ukatha, mgodi ukalipira, oimba amabwera. Ku Ngezi, kumene timu imasewerera pa Baobab, moyo wonse umazungulira pa mashopu a ku Turf. Mukafuna zoposa pamenepo ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 150 kupita ku Harare. Shamva ndi yaing'ono koma ili pafupi, makilomita osakwana 100, moti munthu akhoza kusewera pa Wadzanai masana n'kukadya chamadzulo ku Mabvuku. Chimene ambiri amaiwala n'choti m'migodi ndi mmene munadzaza makolo athu. Ku Shabanie ku Zvishavane ndi ku Shamva mudzapeza nkhalamba zolankhula Chichewa chosasakaniza, magule, mipingo ndi mabanja oti mukawauza mfunda wanu akuuzani kuti ndinu mdzukulu wawo. Mnyamata amene angalole kudya nsima ya Lachitatu kwa agogo oterewa sangavutike ngati mnzake amene akungodikira Loweruka.

Kusamala thupi. Bwalo lili pafupi, nthawi zina poyenda pansi. Tulo timakwana. Thupi limasangalala; umene umavutika ndi mutu. Taganizirani Lachiwiri, 7 koloko madzulo, m'nyumba ya timu. Anyamata anayi adya kale. Wina wagona chagada akuyang'ana TikTok, wina akukangana ndi chibwenzi cha ku Harare pa foni, awiri akuseweretsa makhadi omwe aja. Kunja kulibe kopita kupatula tebulo la pool la pa mashopu. Ndi usiku ngati umenewu, osati wa Loweruka, umene anthu amayambira kubetcha pa foni mpaka malipiro onse kupita, kapena kumwa mobisa m'chipinda. Amene ali ndi chochita, kaya maphunziro a pa intaneti, kaya kubwereza mayeso a O Level, kaya maphunziro a ukochi, amatuluka m'matauni amenewa ali ndi ndalama ndi satifiketi. Amene alibe amabwerako atanenepa.

Zoopsa. Zitatu. Choyamba, aliyense amakudziwani. Wogulitsa mowa ndi mlamu wake wa woyang'anira timu, ndipo mukamafika pa tireni m'mawa kochi amakhala atamva kale nthawi imene munachoka. Chachiwiri, makorokoza. Anyamata okumba golide akapeza mwala amadzaza bala, ndipo ndewu zawo zimakhala za zikwanje. Dera la Shurugwi, Kwekwe ndi Zvishavane linamveka kwambiri ndi nkhani zimenezi cha m'ma 2019. Mukaona tebulo likusefukira mabotolo a anthu ovala magambutsu, malizani chanu muzipita. Chachitatu, ndi chimene ndimachiopa kuposa zonse, ndi msewu. Tauni ikachepa, anyamata amapanikizana m'galimoto imodzi gemu ikatha kuthamangira ku Gweru, Masvingo kapena Harare, n'kubwerera m'bandakucha kuti akapezeke pa tireni. Msewu wa Zvishavane kupita ku Gweru umadutsa pa Boterekwa, mapiri okhotakhota a pafupi ndi Shurugwi, ndipo woyendetsa amakhala wathamanga mphindi 90 masana omwewo.

Kariba

Mtengo. ZPC Kariba ndi timu ya kampani yopanga magetsi, ndipo mu 2014, chaka chake choyamba mu ligi yaikulu, inatsala pang'ono kutenga chikho. Moyo wa ku Nyamhunga ndi Mahombekombe si wodula, matemba ndi nsomba zili pakhomo. Malo a alendo a m'mbali mwa nyanja ndiwo amalipiritsa mitengo ya alendo.

Zopezeka. Mabala a m'lokeshoni, mahotela angapo, maboti. Pa Khirisimasi, pa Isitala ndi nthawi ya mpikisano wowedza nsomba mu Okutobala kumadzaza anthu. Miyezi inayo kuli phee. Siavonga ya ku Zambia ili tsidya lina la damu, ndipo Chinyanja chimamveka.

Kusamala thupi. Kutentha. Mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, ndipo mowa pa thupi limene lataya kale madzi chotero umapweteka kawiri. Kuli malungo, ndiye neti si nkhani yokambirana. Funsani ngati chipinda chili ndi fani kapena makina oziziritsira.

Zoopsa. Njovu ndi mvuu zimayenda m'misewu ya m'tauni usiku. Sindikuseka: kuyenda pansi kuchokera ku bala pakati pa usiku ku Kariba n'koopsa mwa njira imene mwana wa ku Mufakose sanaizolowere. Harare ili pa makilomita oposa 350, kudzera ku Makuti ndi msewu wa Chirundu wodzaza mathiraki, choncho iwalani zobwera kumapeto kwa sabata iliyonse.

Ndani apite kuti

Ngati muli ndi zaka 19 kapena 20, mwakulira m'lokeshoni ndipo mukudziwa mumtima mwanu kuti anzanu simutha kuwakanira, sainani ku Zvishavane kapena ku Ngezi zaka ziwiri. Pitani ndi chochita cha madzulo, ndipo musagule galimoto chaka choyamba.

Ngati simungathe kukhala opanda nyimbo ndi anthu, koma mukufuna kutalikirana ndi manja opempha a kwanu, Bulawayo ndiyo yokuyenerani. Amene khungu lake ndi lopyapyala pa zonena za masapota ayambire timu ina osati Highlanders.

Amene muli ndi mkazi ndi mwana, ganizirani Mutare kapena Gweru, koma musamuke nawo. Kusiya banja ku Harare n'kumayendera ndi kulipira nyumba ziwiri ndi malipiro amodzi.

Amene mukusamala mayi odwala kapena ndinu mutu wa pakhomo, Shamva kapena timu ya mu Harare momwemo ndiye zotheka. Mukatero gwirizanani ndi akuluakulu a pabanja, pamaso pa malume, ndalama imene muzipereka pa mwezi, kuti yotsalayo ikhale yanu.

Kariba ndi ya munthu wokhwima maganizo, wosamwa kapena womwa pang'ono, amene thupi lake limapirira kutentha ndipo angakonde kukhala pa boti ndi mbedza tsiku lopuma.

Ndipo ngati dzina lanu layamba kale kumveka, mukuyembekeza kuitanidwa ku timu ya dziko ya Warriors kapena kuonedwa ndi matimu a ku South Africa, kukhala ku Harare kuli ndi phindu lake. Pezani chipinda chanuchanu kufupi ndi kumene timu imachitira tireni, kutali pang'ono ndi msewu umene munakuliramo, ndipo ku Mereki muzipitako timu ikapambana, ndi ndalama yowerengeratu m'thumba, khadi la ku banki mutalisiya kunyumba.